Apongozi anga akudwala khansa, koma nkhani yawo ndi baseball basi

Funso

Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, ndipo ndinakwatiwa ndi mwamuna wa konkuno ku America. Apongozi anga aamuna, a zaka 74, anawapeza ndi khansa ya m'matumbo ndipo amalandira kemo, mankhwala olimbana ndi khansa, milungu iwiri iliyonse. Panopa akukhala kwathu. Za matenda awo sakamba. Tsiku lonse nkhani ndi ya timu ya baseball ya Chicago Cubs, ndipo madzulo aliwonse pa chakudya amatchula zinthu zomwe akuthokoza tsikulo, ngati kuti palibe chalakwika. Kodi si kuzemba choonadi kumeneku? Chinanso, a kutchalitchi kwawo ndi oyandikana nawo agawana masiku obweretsa chakudya, ndipo ine zikundichititsa manyazi ngati kuti ndalephera kuphikira apongozi anga. Komanso kunja kwatentha, aliyense akuwotcha nyama panja, ndipo sindikudziwa zomwe zili zoyenera kwa munthu wa pa kemo. Ndithandizeni.

Mayi wa ku South Bend

Yankho la namwino wosamalira odwala khansa

Mayi, pepani ndi matendawa. Ndiyambe ndi chinthu chomwe simunafunse, chifukwa chimaposa zina zonse. M'nyumbamo mukhale choyezera kutentha kwa thupi, ndipo nambala ya madokotala a khansa, yoyankha usana ndi usiku, imatidwe pachitseko cha furiji. Thupi la apongozi anu likatentha kufika 100.4°F, omwe ndi madigiri 38 pa muyezo womwe tinazolowera kwathu, imbani nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Musayambe mwawapatsa Tylenol, yemwe kwathu timati Panado, kuti muone ngati kutsike, chifukwa mankhwalawo amangobisa chizindikiro. Kemo amachepetsa maselo oyera a m'magazi omwe amalimbana ndi tizilombo, ndipo maselowa amatsika kwambiri pakapita sabata imodzi kapena ziwiri chilandirireni mankhwala. M'masiku amenewo kamatenda komwe inu mungakagone usiku umodzi n'kudzuka bwino kangawafikitse m'chipinda cha odwala mwakayakaya.

Tsopano za Cubs. Pa zomwe mwalembazi ine sindikuonapo kuzemba. Wozemba choonadi amadziwika ndi zochita: amajomba tsiku la kuchipatala, amabisa kuti akutaya magazi, amakana kumva zotsatira za sikani, amapsa mtima wina akatchula za mapepala onena yemwe adzawalankhulire akadzalephera kulankhula okha. Munthu yemwe milungu iwiri iliyonse amadzuka yekha, kuvala, n'kukakhala pampando wa kemo kwa maola angapo, akudziwa bwino lomwe chomwe chili m'mimba mwake. Wangosankha kuti maola otsalawo asawapereke kwa khansa.

Kuti mumvetse chifukwa chake asankha baseball, werengani zaka zawo. Anabadwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, choncho mu 1969 anali mnyamata wosakwana zaka 20. Chaka chimenecho aliyense wochemerera Cubs wa msinkhu wawo amachinyamula mumtima. Pakati pa mwezi wa Ogasiti timuyi inali patsogolo kwambiri pa ligi, ili ndi Ernie Banks, Ron Santo, Billy Williams ndi Ferguson Jenkins, ndipo anthu anali atayamba kale kusangalala. Mu Sepitembala inagwa, New York Mets n'kuidutsa mpaka kukatenga chikho. Nthawi imeneyo bwalo la Cubs la Wrigley Field linalibe magetsi owunikira usiku, omwe anadzaikidwa mu 1988, ndiye masewero onse a pakhomo ankachitika masana. Ana ankathamanga pochokera kusukulu kuti akapeze ndime zomaliza pa kanema wa WGN, Jack Brickhouse akuulutsa. Kuchokera ku South Bend kupita ku Chicago ndi ulendo wa sitima ya South Shore Line, ndipo abambo ambiri a m'dera lanulo ankatengera ana awo ku Wrigley kamodzi pachaka. Akatswiri a za ubongo anaona kalekale kuti munthu wamkulu amakumbukira bwino kwambiri zomwe zinachitika ali pakati pa zaka 10 ndi 30. Ndiye apongozi anu akamati Santo, Banks, Jenkins, dziwani kuti m'mayinamo muli bambo awo, achimwene awo, wailesi ya pakhonde, ndi thupi lawo lomwe lisanayambe kuwapandukira.

Masewerawa alinso ndi khalidwe lina lomwe limagwirizana ndi munthu wodwala. Timu iliyonse ya ligi yaikulu imasewera masewero 162 pa nyengo imodzi, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Sepitembala, pafupifupi tsiku lililonse. Wodwala khansa masiku ake amawerengedwa ndi chipatala: tsiku loyeza magazi, tsiku la kemo, tsiku lochotsa pampu ya kemo, masiku a nseru. Baseball imamupatsa kalendala ina yosakhudzana ndi singano. Lero timu yagonja, mawa 1:20 masana isewera kachiwiri. Ngakhale timu yamphamvu kwambiri imagonja kangapo pa sabata, ndipo ochemerera Cubs anaphunzira kudikira kuposa onse, chifukwa timu yawo itatenga chikho cha World Series mu 1908 inakhala zaka 108 osachikhudzanso.

Afunseni za usiku wa pa 2 Novembala 2016. Anali masewero achisanu ndi chiwiri, omaliza, ku Cleveland. Zigoli zili 6 kwa 6 mvula inadula masewero kwa mphindi 17, ndipo atabwerera m'bwalo Cubs inapambana 8 kwa 7 m'ndime ya 10. M'masiku amenewo anthu anapita ku Wrigley Field ndi choko n'kudzaza makoma a njerwa ndi mayina a makolo ndi agogo awo omwe anamwalira asanaone chikhocho. Ena anakamvetsera masewerowo pa wailesi atakhala pamanda. Ndikukuuzani izi kuti muone kuti kwa anthu amenewa nkhani ya baseball ndi nkhani ya imfa sizitalikirana.

Apa ndi pomwe ndikufuna mutchere khutu kwambiri. Amuna ambiri a msinkhu wawo ku America analeredwa kuti mwamuna sanena kuti akuopa. Amanena zimenezo kudzera mwa anthu ena. Ron Santo anasewera zaka zonse ali ndi matenda a shuga, omwe anawabisa kwa nthawi yaitali. Pambuyo pake anadulidwa miyendo yonse iwiri, koma anapitiriza kuulutsa masewero a Cubs pa wailesi mpaka anamwalira mu Disembala 2010. Jon Lester anadwala khansa mu 2006, Anthony Rizzo mu 2008 ali ndi zaka 18, ndipo onse awiri anachira n'kudzakhala mu timu ya 2016 ija. Rizzo ndiye anagwira mpira womaliza. Ryne Sandberg, yemwe anali nyenyezi ya timuyi m'zaka za m'ma 1980, anamwalira ndi khansa mu Julayi 2025. Wochemerera Cubs aliyense amadziwa mbiri zimenezi. Apongozi anu akatchula Rizzo, mwina akukuuzani kuti ali ndi chiyembekezo. Akakhala pa Santo kapena Sandberg nthawi yaitali, n'kumanena momwe anthuwo anapiririra, mwina akulankhula za iwo eni. Musawadule, ndipo musathamangire kunena kuti inu muchira, bambo. Funsani kuti, "Kodi mukuganiza kuti iyeyo ankaopa?" kenako khalani chete. Zomwe mukufuna kumva zingatulukire pamenepo, mwina osati tsiku loyamba.

Kuthokoza kwa madzulo kuja nakonso kuli ndi mizu m'masewera omwewa. Pa 4 Julayi 1939, Lou Gehrig wa New York Yankees, yemwe anasewera masewero 2,130 otsatizana osajomba, anaimirira pabwalo la Yankee Stadium atangouzidwa kuti ali ndi matenda a ALS, ofoola minofu, omwe alibe mankhwala. Anavomereza kuti wakumana ndi tsoka, kenako ananena kuti akudziona ngati munthu wamwayi kuposa onse padziko lapansi, n'kuyamba kutchula omwe akuwathokoza: anzake a mu timu, makolo ake, mkazi wake, ngakhale apongozi ake aakazi, omwe anati amakhala mbali yake akayambana ndi mwana wawo. Anamwalira pa 2 Juni 1941 ali ndi zaka 37. Mwana aliyense wa ku America wokonda baseball anakula akumva mawu amenewo, ndipo kwa ambiri a iwo ndi chitsanzo cha momwe mwamuna amadwalira. Gehrig ankadziwa kuti akudwala kwambiri. Kuthokozako kunabwera pamwamba pa kudziwako.

Ofufuza anayesapo ngati chizolowezichi chimathandiza. Mu 2003 Robert Emmons ndi Michael McCullough anafalitsa kafukufuku yemwe mbali yake imodzi inali ya anthu odwala matenda a minofu ndi minyewa. Omwe ankalemba zothokoza tsiku lililonse kwa milungu itatu ananena kuti akugona bwino ndipo akuona moyo wawo mokhutira kuposa anzawo omwe sankalemba. Kafukufuku wina wochuluka anatsatira, ndipo akaphatikizidwa amaonetsa kuti phindu lilipo koma ndi lochepa. Silichepetsa chotupa ndipo sililowa m'malo mwa mankhwala a matenda a maganizo. Ine ndimachikonda chizolowezichi chikachokera kwa wodwala mwini, monga zilili kwanuko, ndipo ndimadana nacho chikakhala lamulo. Ndaonapo mabanja omwe wodwala akangodandaula amauzidwa kuti athokoze poti ena ali pamavuto oposa ake. Kumeneko ndi kumutseka pakamwa. Choncho tsiku lina apongozi anu akadzati lero ndilibe chothokoza, musadzawafunire china. Nenani kuti lero linalidi tsiku loipa, n'kupitiriza kudya. Inunso musadzikakamize kutchula zabwino pomwe mwatopa mpaka m'mafupa.

Chizindikiro chomwe chiyenera kukudetsani nkhawa ndi chosiyana ndi chomwe mukuopachi. Akadzasiya kufunsa kuti Cubs yatha bwanji, wailesi n'kukhala yozima masiku angapo pomwe si masiku a nseru, pamenepo uzani madokotala. Kutaya chidwi pa chinthu chomwe munthu wachikonda moyo wake wonse ndi chimodzi mwa zizindikiro zazikulu za matenda a maganizo, ndipo kwa odwala khansa achikulire kawirikawiri timachiphonya poganiza kuti ndi kutopa kwa kemo.

Mungalowemo bwanji inu, poti masewerawo mwina simukuwamva n'komwe? Kusawadziwako ndi mwayi wanu. Chiyambire kudwala, apongozi anu akhala munthu wouzidwa: imwani ichi, gonani apa, kwezani mkono. Pa baseball okha ndi pomwe akadali mphunzitsi. Apempheni akuphunzitseni kulemba masewero pa pepala monga amachitira ochemerera akale. Malo aliwonse a osewera 9 ali ndi nambala yake, woponya mpira ndi 1, wowakha kumbuyo ndi 2, mpaka 9, ndipo womenya akalephera katatu amalembedwa K. Akadzati 6-4-3 n'kumwetulira, mudzadziwa kuti awiri atulutsidwa nthawi imodzi. Kwathu mtengwa sakhala maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna n'kumafunsana zakukhosi, ndipo mwamuna wachikulire wa ku Indiana nayenso sakonda kuyang'anidwa m'maso pa nkhani zoterozo. Kukhala moyandikana nonse mukuyang'ana kanema kumathetsa vuto la nonse awiri. Masiku omwe maso alema, yatsani wailesi. Pat Hughes wakhala akuulutsa masewero a Cubs kuyambira 1996, ndipo mawu akewo apongozi anu amawadziwa ngati a m'bale. Chikhazikitsireni wotchi yofulumizitsa woponya mpira mu 2023, masewero ambiri amatha asanakwane maola atatu.

Njira imeneyi si yanga. Ku Scotland, kuyambira cha mu 2009, magulu okumbukira mpira wamiyendo akhala akusonkhanitsa amuna odwala matenda oiwala kuti aziona zithunzi za osewera akale n'kumakamba. Ku St. Louis anatengera zomwezo pogwiritsa ntchito timu ya baseball ya Cardinals. Apongozi anu alibe matenda oiwala, koma zomwe magulu amenewa anapeza zimagwiranso kwa iwo: mwamuna yemwe sayankha mukamufunsa kuti muli bwanji amatsegula pakamwa mukamufunsa za masewero oyamba omwe anaonera. Ngati akufuna kukaonera pabwalo, South Bend Cubs imasewera ku Four Winds Field mumzinda wanu momwemo, pafupi komanso popanda chipwirikiti cha ku Chicago. Funsani madokotala tsiku loyenera, sankhani masewero a madzulo ndi mpando wa pamthunzi, chifukwa fluorouracil, yemwe amaperekedwa kawirikawiri pa khansa ya m'matumbo, amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa.

Za manyazi anu ndikuwamvetsa. Kwathu mkazi wa pabanja amayesedwa ndi mthiko, ndipo mbale ya eni ikalowa m'nyumba muli iye, anthu amayamba kunong'ona. Koma kumene muliko mbaleyo ikutanthauza zina. Anthu a kumeneko sabwera gulu kudzazonda matenda n'kukhala pamkeka tsiku lonse. Amaopa kusokoneza, ndipo ambiri sadziwa choti anene. Chomwe amadziwa ndi kuphika mbale yaikulu ya mu uvuni, kuikulunga n'kuisiya pakhomo. Kumeneko ndiye kuzonda kwawo. Palibe ndi mmodzi yemwe akuganiza kuti inu simutha kuphika. Kumbukiraninso kuti chakudyacho sichikubwera chifukwa cha inu. Apongozi anu akhala m'tchalitchi chimenecho zaka zambiri, mwina akunyamula mabokosi a maliro, kuchotsa chipale pakhomo pa amayi amasiye, kukonza denga. Kupatsa n'kuika. Mukakana mbalezo mukuwatsekera zomwe anaika okha.

Chofunika ndi kuwongolera thandizolo, chifukwa likasiyidwa lokha limabweretsa lasagna masiku asanu otsatizana, furiji n'kudzaza ndi zomwe wodwala sangathe ngakhale kuzinunkhiza. Pezani munthu mmodzi wa kutchalitchiko kuti akhale mkhalapakati, ndipo zonse zizidzera mwa iye. Ambiri amagwiritsa ntchito tsamba la Meal Train, pomwe mungalembe masiku, nthawi, chiwerengero cha anthu ndi zakudya zosaloledwa. Pemphani katatu pa sabata osati tsiku lililonse, ndipo masikuwo agwere pa kemo ndi masiku awiri otsatira, pomwe inu mumakhala mutatheratu. Ikani bokosi lozizira lokhala ndi ayezi pakhonde kuti obweretsa asamagogode wodwala akugona. Azibweretsa m'zotengera zotaya, apo ayi mudzakhala ndi ntchito yachilendo yokumbukira kuti mbale yabuluu ndi ya ndani. Ndipo nenani poyera kuti chakudyacho ndi cha banja, cha inu, amuna anu ndi ana. Cha wodwala muziphika nokha, pang'onopang'ono, malinga ndi momwe wadzukira. Mukatero mthiko wanu uli pomwepo.

Si onse omwe ayenera kuphika. Wina akati ndithandizepo chiyani, musayankhe kuti tili bwino. Khalani ndi mndandanda: kutchetcha kapinga, kuwaperekeza ku kemo, kutenga ana kusukulu, kugula khadi la kusitolo ya zakudya kapena la mafuta a galimoto. Thandizo labwino koposa lingakhale la bambo wina wa msinkhu wawo wobwera kudzaonera nawo masewero Loweruka masana, inu n'kupeza maola atatu ogona. Ngati mayendedwe avuta, American Cancer Society ili ndi pulogalamu ya Road To Recovery ya anthu odzipereka onyamula odwala kupita kuchipatala. Ngati inu kapena amuna anu muli pantchito, dziwani kuti lamulo la FMLA la 1993 limapatsa oyenerera milungu 12 yosalipidwa yosamalira kholo, mwana kapena mwamuna kapena mkazi wodwala popanda kuchotsedwa ntchito, koma apongozi salowamo. Choncho tchuthi chimenecho angatenge ndi amuna anu, osati inu. Kambiranani zimenezi msanga, chifukwa m'mabanja ambiri katundu yense amagwera mtengwa mwakachetechete.

Amalawi anzathu a ku South Bend, omwe ndi ambiri ndithu, nawonso adzafuna kubwera, ndipo adzabwera mwa chikhalidwe chathu, ambirimbiri, ndi nyimbo ndi mapemphero. N'zokoma, koma muikepo malire mosachita manyazi: awiri kapena atatu nthawi imodzi, kwa theka la ola, pakhonde ngati kunja kuli bwino, atasamba m'manja, ndipo wa chimfine adikire. Adzabweranso ndi malangizo a zitsamba, ufa wa chammwamba, timadzi tochokera pa intaneti. A ku America nawo ali ndi zawo za m'mabotolo. Chilichonse chotere chionetsedwe kaye kwa dokotala kapena wa ku famase ya kuchipatala. Mankhwala a chitsamba otchedwa St. John's wort amachepetsa mphamvu ya irinotecan, mmodzi mwa mankhwala a khansa ya m'matumbo, ndipo chipatso cha grapefruit chimasokoneza mankhwala ambiri. Makalata othokoza, omwe anthu a kumeneko amawalemekeza kwambiri, asiyireni apongozi anu. Ali kale ndi mtima wothokoza, apatseni makadi ndi masitampa kuti mtimawo ugwire ntchito.

Tifike kukhitchini. Kuwotcha panja kuli ndi ubwino umodzi waukulu: fungo limatsala kunja. Kwa munthu wa nseru, fungo la anyezi akukazingidwa m'nyumba lingathetse chilakolako cha tsiku lonse. Vuto lake ndi loti moto wa makala umapsereza kunja nyama isanapse mkati, ndipo maso sangakuuzeni. Gulani choyezera kutentha kwa nyama, ndi chotchipa. Nkhuku ifike 165°F, omwe ndi madigiri 74. Nyama yogaya ya ma hamburger ifike 160°F. Nthuli ya ng'ombe kapena nkhumba komanso nsomba zifike 145°F, ndipo nthuliyo ikhale mphindi zitatu isanadulidwe. Ngati apongozi anu anazolowera nyama yofiira mkati, chaka chino apirire. Mbale yomwe inanyamula nyama yaiwisi isabwererenso ndi yakupsa, ndipo msuzi womwe munaviikamo nyama yaiwisi usathiridwe pa yakupsa usanawiritsidwe.

Tizilombo timaswana msanga chakudya chikakhala pakati pa 40°F ndi 140°F. Lamulo la a zaumoyo ku America ndi loti chakudya chisakhale panja pa furiji kupitirira maola awiri, ndipo kunja kukatentha kupitirira 90°F ndi ola limodzi lokha. Pa phwando la panja wodwala atenge mbale yake poyamba, chakudya chikangotsika pamoto. Anthu amanamizira mayonezi pa saladi ya mbatatesi, koma mayonezi wa m'botolo ndi wowawasa moti tizilombo sitimukonda. Zoopsa ndi mbatatesi ndi mazira zomwe zakhala padzuwa, komanso mpunga wophika womwe wazizira pang'onopang'ono. Zotsala zilowe mufuriji msanga, mulembepo tsiku, ndipo zikapitirira masiku atatu kapena anayi zitayidwe. Ndikudziwa kuti kutaya chakudya kumatiwawa ife omwe tinakula tikudya mkute, koma apa palibe kuchitira mwina. Mbale yochokera kwa anansi yomwe simukudziwa kuti yakhala nthawi yaitali bwanji m'galimoto muitenthetse mpaka 165°F.

Zipatso ndi ndiwo zamasamba zosaphika siziletsedwa monga kale, pokhapokha madokotala awo atanena. Zitsukidwe bwino pa madzi oyenda. Vwende ndi cantaloupe muzitsuka chikopa musanadule, chifukwa mpeni umatenga tizilombo kunja n'kutilowetsa mkati. Mu 2011 ma cantaloupe ochokera ku Colorado anafalitsa kachilombo ka listeria ndipo anthu oposa 30 anamwalira, ambiri a iwo achikulire. Chifukwa cha kachilombo komweko, nyama zodula kale za pa sandwichi ndi ma hot dog zitenthetsedwe mpaka zituluke nthunzi. Mkaka ndi tchizi zosawiritsa za kumsika wa alimi, mazira osapsa, nsomba zaiwisi ndi timbewu tongomera kumene ta pa saladi, zimenezo ayi. Wina adzakuuzani kuti hot dog imayambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo n'zoona kuti mu 2015 bungwe la WHO loona za khansa linaika nyama zokonzedwa m'fakitale pa gulu la zoyambitsa khansa imeneyi. Koma zimenezo ndi za kudya kwa zaka zambiri. Bambo wa zaka 74 yemwe akuwonda, n'kulakalaka hot dog imodzi yotentha akuonera Cubs, ine ndingamupatse.

Pali misampha iwiri yomwe ndi ya khansa ya m'matumbo makamaka. Woyamba ndi chimanga. Julayi ndi Ogasiti ku Indiana ndi nthawi ya chimanga chachiwisi chotsekemera, ndipo anansi adzabwera nacho m'matumba. Ngati apongozi anu anachitidwa opaleshoni posachedwa, ali ndi thumba la pamimba lotulukira chimbudzi, kapena chotupa chachepetsa njira ya m'matumbo, makoko a chimanga, mbuliuli, mtedza wosasinja ndi zikopa za zipatso zingatseke matumbo. Funsani musanawapatse. Nsima ya ufa woyera ilibe vuto limeneli, ndipo masiku otsegula m'mimba imaposa ya mgaiwa. Wachiwiri ndi kuzizira. Ngati pa mankhwala awo pali oxaliplatin, zinthu zozizira zimawapweteka kwa masiku angapo akalandira kemo: madzi a mufuriji amamveka ngati akumanga pakhosi, ndipo kugwira chitini chozizira kumabaya zala. Ndiye malangizo omwe aliyense amapereka nyengo yotentha, a ayisikilimu ndi madzi a ayezi, kwa iwo ndi osiyana. Zakumwa zikhale zosazizira, mphepo ya makina oziziritsa m'nyumba isawawombe mwachindunji, ndipo akafuna kutenga chinthu mufiriza avale magolovesi. Komabe azimwa kwambiri, chifukwa kutentha kukaphatikizana ndi kutsegula m'mimba madzi amatha msanga m'thupi la munthu wachikulire. Mkodzo wochepa kapena wakuda, chizungulire poimirira, kutsegula m'mimba kosaleka: imbani.

Pa zomwe mungaphike nokha, muli ndi zambiri kuposa momwe mukuganizira. Phala losalala lothira chiponde lili ndi mphamvu ndi zomanga thupi, silinunkha, ndipo limadutsa ngakhale m'kamwa muli zilonda. Mazira owiritsa bwino, nsomba yophika mofewa, nkhuku yamsuzi, mbatata yoponda, nthochi, yogati. Anansi omwe alima maungu kuseri kwa nyumba sadziwa kuti masamba ake amadyedwa. Apempheni, muchotse ulusi bwinobwino, muphike nkhwani wotendera wofewa kwambiri, muyambe ndi pang'ono kuti muone ngati m'mimba mukulandira. Chakudya chikamamveka ngati chitsulo m'kamwa, yesani supuni yapulasitiki ndi kadontho ka ndimu, koma m'kamwa mukakhala zilonda ndimu ndi tomato zidikire. Mbale zing'onozing'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku zimaposa zitatu zodzaza. Chakudya chomwe amachikonda kwambiri musawapatse tsiku la nseru, chifukwa akachisanza angadane nacho kwa miyezi. Ndipo akakana kudya musatenge ngati akana inuyo. Mawu oti idyani pang'ono chabe, akabwerezedwa kakhumi patsiku, amasandutsa tebulo kukhala malo a nkhondo.

Muziwayeza sikelo kamodzi pa sabata, m'mawa, pa sikelo yomweyo, n'kulemba. Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala pitani nawo, mutenge kabukuko, ndipo mufunse mayina enieni a mankhwala omwe akulandira, masiku omwe maselo oyera amatsika kwambiri pa ndondomeko yawo, ngati pali malire pa zakudya za makoko, komanso ngati mungaonane ndi katswiri wa zakudya wa pa chipatala cha khansa. Zipatala zambiri zili naye, koma nthawi zambiri saitanidwa mpaka abale atapempha.